Kugula malo kumidzi ya kumpoto: mapepala patsogolo, njerwa pambuyo

Nyengo yokolola ikafika, amalonda ambiri a m'misika ya Lilongwe, Blantyre, Kasungu ndi Mzuzu amalunjika kumpoto. Ena amakapikula mpunga wa Kilombero ku Karonga, ena nyemba ndi chimanga ku Chitipa, ena usipa m'madoko a Nkhata Bay ndi Chilumba, pomwe ena amatsikira pa Jenda kukatenga tomato, anyezi ndi kachewere.

Akayenda maulendo angapo, amayamba kuwerengera ndalama zomwe zikuthera pa lendi ya chipinda chosungiramo matumba, pa malo ogona komanso pa alonda. Apa mpamene maganizo okhala ndi malo awoawo amabwera: kasitolo kutsogolo, nkhokwe kumbuyo, mwinanso chigayo m'tsogolo muno.

Uthenga wakuti wobwera akufuna malo suchedwa kufala. Tsiku lomwelo dobadoba amakhala atafika ndi mawu okoma akuti malo alipo, ndi otchipa, ndipo amfumu akudziwa. Mtengo wake umamvekadi wotsika poyerekeza ndi wa puloti ku Area 25 kapena ku Chirimba.

Koma ndalama yomwe wamalonda wamng'ono amagulira malo ndi mpamba wa geni yake, nthawi zina ngongole ya ku banki m'khonde. Ikalowa m'dothi n'kubuka mkangano, sabwerera nayo kumsika. N'chifukwa chake ndondomeko ili yofunika kuposa mtengo: kufufuza kaye, kupeza chivomerezo cha onse okhudzidwa, kulembetsa malo, kutenga chilolezo chomangira, ndipo njerwa zibwere pomaliza.

Malowo ndi amtundu wanji?

Funso loyamba lisakhale la mtengo. Likhale lakuti malowo ali m'gulu liti. M'dziko muno muli malo a boma, malo a makolo omwe amayang'aniridwa ndi mafumu, ndi malo omwe munthu kapena kampani idalembetsa m'dzina lake, monga a lizi.

Malo ambiri a kumidzi m'maboma asanu ndi limodzi a chigawo cha kumpoto, omwe ndi Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba ndi Likoma, ndi a makolo. Banja limalima ndi kumanga pamalo otere chifukwa lidapatsidwa ndi mfumu kapena lidasiyiridwa ndi makolo, koma nthawi zambiri palibe chiphaso chilichonse chomwe chidalembedwa.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Makhothi a m'dziko muno akhala akugamula kuti malo a makolo si katundu woti munthu angagulitse ngati thumba la chimanga. Chomwe munthu wa m'mudzi ali nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, pamodzi ndi zomwe adaikapo monga nyumba, mitengo ndi mbewu. Choncho kapepala kolembedwa pamanja kakuti wagulitsa munda wake sikapangitsa wogula kukhala mwini malo pamaso pa lamulo. Kamangochitira umboni kuti ndalama idaperekedwa.

Malamulo a malo adasintha kwambiri mu 2016 pomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza Land Act, Customary Land Act, Physical Planning Act ndi ena, ndipo adakonzedwanso mu 2022. Kusintha kwa 2022 kudakhwimitsa zopereka malo kwa anthu omwe si nzika za dziko lino komanso zogulitsa malo a lizi omwe sadatukulidwe. Wamalonda wochokera ku Tanzania kapena ku Zambia yemwe akuchita geni ku Songwe kapena ku Chitipa sangapeze malo m'njira yofanana ndi Mmalawi, ndipo Mmalawi wobwereketsa dzina lake kuti mnzake wakunja agulire malo akudziputira mlandu.

Ngati wogulitsa akuti malowo ali kale ndi lizi, wogula apemphe nambala ya chiphasocho n'kukafufuza ku ofesi ya za malo ku Mzuzu. Kafukufukuyu amaonetsa dzina la mwini wake weniweni, zaka zomwe zatsala pa liziyo komanso ngati malowo adaperekedwa chikole kubanki. Kusintha umwini wa malo a lizi kumafuna chilolezo cha unduna wa za malo ndi kalata ya ku MRA yosonyeza kuti za msonkho zili bwino.

Mwini wake ndani?

Wamalonda wochokera m'chigawo chapakati kapena kummwera adazolowera kuti pa nkhani ya malo mawu omaliza amakhala ndi mwinimbumba, yemwe ndi malume a kuchikazi. Kumpoto zinthu n'zosiyana. Pakati pa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba, Ankhonde ndi Alambya, mkazi amapita kwa mwamuna ndipo malo amatsata mzere wa bambo.

Izi zikutanthauza kuti anthu oyenera kufunsidwa ndi bambo a wogulitsayo ngati ali moyo, azichimwene ake, abambo aakulu ndi aang'ono, komanso ana ake akuluakulu. Mnyamata mmodzi yemwe wathinidwa ndi vuto la ndalama akhoza kuloza munda wa banja lonse n'kunena kuti ndi wake. Akhoza kukhala kuti akulimapodi, koma kulima pamalo si kukhala ndi mphamvu yowapereka kwa wina.

Vuto lina ndi la achibale omwe ali kutali. Mabanja ambiri a ku Mzimba ndi Nkhata Bay ali ndi ana awo ku Joni, ena ali ku Lilongwe, ku Mbeya kapena ku Lusaka. Munthu wotere akabwera pa Khirisimasi n'kupeza sitolo ya mlendo pamunda wa malemu bambo ake, nkhani imayambiranso pachiyambi. Wogula aumirire kuti achibale otere aimbiridwe foni pamaso pa mboni, ndipo mayina awo alembedwe mumgwirizano kuti adavomereza.

Mkazi wa wogulitsa asasiyidwe kunja. Ngati mwini malo adamwalira, pafunika kusamala koposa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Malo omwe mlamu akugulitsa mayi wamasiye asakudziwa ndi malo a mkangano, ngakhale mtengo wake utatsika bwanji.

Njira yosafuna ndalama yodziwira zoona ndi kucheza ndi oyandikana nawo malowo wogulitsa ndi dobadoba palibe. Amayi a pa mjigo, mwini golosale wa pafupi kapena mphunzitsi yemwe wakhalitsa m'deralo amadziwa ngati mundawo udakambidwapo kubwalo la mfumu, kapena ngati udagulitsidwa kale kwa munthu wina. Safunsa adadya phula.

Chiyankhulo nacho chikhoza kupusitsa munthu. Ku Chitipa kokha kumayankhulidwa Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chitumbuka ndi zina. Wogula yemwe samva chiyankhulo cha m'deralo apeze womasulira wake, osati wobwera ndi wogulitsa.

Mfumu, komiti ndi khonsolo

Palibe amene angakhazikike m'mudzi mwa eni popanda kudzera kwa mfumu. Ndondomeko imayambira kwa nyakwawa, kupita kwa gulupu, kenako kwa mfumu yaikulu ya deralo, monga T/A Mwabulambya, Kameme, Nthalire kapena Mwenemisuku ku Chitipa, ndi Kilupula, Mwakaboko kapena Wasambo ku Karonga. Wogula atsimikize kuti nyakwawa yomwe akukambirana nayo ndi yodziwika ku ofesi ya bwanamkubwa, chifukwa m'midzi ina muli mikangano ya ufumu, ndipo kalata ya mbali imodzi imakanidwa ndi mbali inayo.

Lamulo la malo a makolo la 2016 lidakhazikitsa makomiti a za malo pa gulupu aliyense. Komitiyi wapampando wake ndi gulupu, ndipo imakhala ndi anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu a m'deralo, mwa iwo atatu kapena kuposerapo ayenera kukhala amayi. Mlembi wake amakhala wogwira ntchito ku khonsolo. Komwe komiti yotere ilipo, mfumu payokha siyingagawe malo popanda komitiyo.

Makomitiwa sadafike paliponse nthawi imodzi. Ntchito yolembetsa malo a makolo idayamba moyeserera m'maboma angapo, kuphatikizapo Rumphi ndi Karonga, ndipo ikufalikira pang'onopang'ono. N'chifukwa chake ulendo wa ku ofesi ya za malo pa khonsolo ya bomalo uyenera kuchitika ndalama isanatuluke. Kumeneko n'komwe wogula angauzidwe njira yomwe ikugwira ntchito m'dera lomwe akufunalo. Ku Mzimba khonsoloyi imadziwika ndi dzina la M'mbelwa.

Kangachepe kothokoza mfumu ndi mwambo wodziwika, koma si mtengo wa malo ndipo sikalowa m'malo mwa ndalama zolipira kuboma. Ndalama iliyonse yoperekedwa ku khonsolo kapena ku unduna ituluke ndi lisiti ya boma. Wogwira ntchito yemwe akupempha ndalama ya pambali kuti fayilo iyende akupempha chiphuphu, ndipo bungwe la Anti-Corruption Bureau lili ndi ofesi ku Mzuzu.

Malo oyenera kuwathawa

Pali malo omwe ngakhale banja lonse ndi mfumu atavomereza, wogula sangapambane nawo.

Oyamba ndi a m'mphepete mwa msewu, omwenso amalonda amawakonda kwambiri chifukwa cha makasitomala. Pa misewu ikuluikulu monga M1 yodutsa pa Jenda, Mzuzu, Chiweta, Karonga mpaka ku Songwe, M5 ya m'mbali mwa nyanja ndi M26 ya Karonga kupita ku Chitipa, malire a msewu ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewuwo. Misewu ing'onoing'ono nayo ili ndi malire ake. Womanga m'kati mwa malirewa akhoza kugwetseredwa sitolo msewu ukamakuzidwa, ndipo asayembekezere chipukuta misozi. Tepi yoyezera ndi yotchipa kuposa khoma logwetsedwa.

Achiwiri ndi malo otetezedwa. Nkhalango ya Nyika, ya Vwaza, ya Chikangawa ndi nkhalango za m'mapiri a Misuku ndi malo a boma. Midzi ina idayandikana nazo kwambiri moti malire sadziwika bwino kwa mlendo. Munda womwe uli m'mphepete mwa nkhalango yotere uyambe wakaonedwa ndi a zankhalango a pa boma.

Achitatu ndi malo omwe anthu onse a m'mudzi amagwiritsa ntchito: manda, dambo lodyetsera ng'ombe, njira ya ku mjigo, bwalo la sukulu, malo a tchalitchi komanso doko la asodzi. Pansi pa nthambo zikuluzikulu za Escom napo sipamangidwa.

Achinayi ndi malo osefukira madzi. Chigwa cha Karonga chimadziwika ndi kusefukira kwa mitsinje monga North Rukuru, Lufilya ndi Songwe. Malo ooneka ouma bwino mu Okutobala akhoza kukhala dziwe mu Epulo. Nkhokwe ya mpunga pamalo otere ndi kutaya katundu. Mtsinje wa Songwe, womwe ndi malire a Malawi ndi Tanzania, umasinthanso njira yake, moti munda wa m'mbali mwake ukhoza kudyedwa ndi madzi. Wofuna malo awaone kawiri, m'chilimwe ndi m'dzinja.

Pomaliza, mphekesera za migodi zimakweza mitengo ya malo m'madera oyandikana ndi Kayelekera ku Karonga, Mchenga ku Rumphi ndi Kanyika ku Mzimba. Miyala ya mtengo wapatali ya pansi pa nthaka ili m'manja mwa boma, osati mwa mwini munda. Kugula malo n'cholinga chodikira chipukuta misozi cha mgodi ndi juga, si geni.

Kuyeza, kulemba ndi kulipira

Kumudzi malire amalozedwa ndi dzanja: kuchokera pa mtengo wa mango kukafika pa chulu. Mtengo umadulidwa, chulu chimagumulidwa n'kuumbira njerwa, ndipo malire amasowa. Tsiku loyenda m'malire pakhale wogulitsa, achibale ake, eni minda yoyandikana mbali zonse, nyakwawa ndi mboni za wogula. Mbali iliyonse iyezedwe ndi tepi, miyezo ilembedwe, ndipo pa ngodya iliyonse pazikidwe chizindikiro cha simenti. Zithunzi za pafoni zosonyeza anthu onse ataima m'malire zimathandiza tsiku la mkangano.

Ndi bwino kudziwa miyezo. Hekitala imodzi ndi mamita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi, ndipo ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Ekala imodzi ndi pafupifupi mayadi 70 mbali zonse. Malo omwe akutchedwa ekala pakamwa nthawi zambiri amachepa tepi ikadutsa.

Mgwirizano ulembedwe m'chiyankhulo chomwe onse akumva. Mukhale mayina onse monga alili pa chitupa cha unzika ndi manambala a zitupazo, mudzi, gulupu ndi T/A, miyezo ya malo ndi mayina a oyandikana nawo, zomwe zili pamalopo monga mitengo ya zipatso kapena nsungwi, ndalama yomwe agwirizana ndi kalipiridwe kake, komanso mawu akuti ndalama idzabwezedwa ngati boma litakana kulembetsa malowo kapena wachibale wina atatsutsa. Osadziwa kulemba adinde chala. Kusainira pamaso pa majisitireti kapena loya kumaupatsa mphamvu mgwirizanowo.

Ndalama isaperekedwe yonse tsiku limodzi. Mwachitsanzo, ngati mtengo womwe agwirizana ndi K3 miliyoni, wogula akhoza kupereka K1 miliyoni banja ndi nyakwawa akasaina, ina K1 miliyoni T/A ndi bwanamkubwa akadinda mafomu, ndipo yotsalayo saveya akazika mabikoni popanda wotsutsa. Wogulitsa yemwe walandira zonse alibenso chifukwa choyendera maofesi. Yemwe akudikira gawo lina amathamanga yekha kukaitana achibale.

Kulipira kudzera kubanki, pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba kumasiya umboni womwe ndalama ya m'manja siyisiya. Ndalamayo ipite kwa mwini malo, osati kwa dobadoba. Wogulitsa yemwe akukakamiza kuti zonse zithe lero chifukwa mawa kukubwera wogula wina, kawirikawiri amakhala ndi chomwe akubisa.

Kulembetsa malo

Kalata ya mfumu ndi chiyambi chabe. Chomwe chimateteza wamalonda ndi chiphaso cha boma. Komwe makomiti a za malo akugwira ntchito, malo a makolo amalembetsedwa ndipo mwini wake amalandira satifiketi. Njira ina, yomwe amalonda ambiri akhala akutsata, ndi yopempha lizi.

Wopempha lizi amatenga mafomu ku ofesi ya za malo. Pali fomu yomwe nyakwawa ndi T/A amasainira kusonyeza kuti adafunsidwa ndipo alibe chotsutsa, kenako bwanamkubwa amaikapo ndemanga yake. Mafomuwa, pamodzi ndi chojambula chosonyeza pomwe malowo ali, amapita ku ofesi ya kamishonala wa za malo wa chigawo cha kumpoto ku Mzuzu. Pempho likavomerezedwa, wopemphayo amalandira kalata yomuuza ndalama zoyenera kulipira. Saveya wovomerezeka amayeza malowo n'kuzika mabikoni, ndipo mapu ake amayenera kuvomerezedwa ndi ofesi ya mkulu woyeza malo m'dziko muno chiphaso chisanatuluke.

Lizi ya malo a nyumba kapena bizinesi nthawi zambiri imakhala ya zaka 99, pomwe ya ulimi imakhala yofupikirapo, kawirikawiri zaka 21. Mwini lizi amalipira lendi ya malo kuboma chaka ndi chaka, ndipo amayenera kutukula malowo m'nthawi yomwe yalembedwa m'chiphasocho. Wongowasiya tchire akhoza kulandidwa. Liziyo imatchulanso ntchito ya malowo, choncho wofuna sitolo asapemphe lizi ya munda.

Ntchitoyi siyitha sabata imodzi. Imafuna miyezi, maulendo ndi kuleza mtima. Koma phindu lake ndi looneka: mabanki amalandira malo a chiphaso ngati chikole cha ngongole, zomwe sachita kawirikawiri ndi kalata ya mfumu, ndipo ana a wamalondayo sadzathamangitsidwa iye akadzamwalira. Amayi ochita geni awonetsetse kuti dzina lawo lalembedwa pa chiphaso ngati ndalama yatuluka m'thumba mwawo, kapena mayina onse awiri ngati agula limodzi ndi amuna awo.

Chilolezo chomangira

Ambiri amaganiza kuti chilolezo chomangira ndi cha m'tauni mokha. Kale zidali pafupi ndi choncho, chifukwa lamulo lakale linkagwira ntchito m'madera osankhidwa. Lamulo la Physical Planning la 2016 lidaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya mapulani, kutanthauza kuti sitolo ya ku Nthalire kapena ku Usisya nayo ikufunika chilolezo cha khonsolo. Kukhala ndi malo ndi nkhani ina, kuloledwa kumangapo ndi nkhani inanso.

Wopempha chilolezo amapereka ku khonsolo umboni wa malo, chojambula chosonyeza pomwe malowo ali, china chosonyeza pomwe nyumbayo idzaime m'kati mwa puloti, ndi mapulani a nyumbayo ojambulidwa ndi munthu wodziwa ntchitoyi. Amalipira ndalama younikira mapulani, yomwe imasiyana malinga ndi khonsolo komanso kukula kwa nyumba. Komiti ya mapulani imaona ngati malowo ndi oyenera bizinesi yotereyo, mtunda wake kuchokera kumsewu, chimbudzi, kotayira zinyalala, mpweya ndi kulimba kwa nyumbayo. A zaumoyo nawo amaikapo ndemanga, makamaka pa malo odyera, ogulitsira nyama ndi ogona alendo.

M'malo ochitira malonda omwe akukula, khonsolo imakhala ndi mapu osonyeza pomwe padzadutse misewu, pomwe padzakhale msika, depoti ndi nyumba zogona. Puloti yooneka yabwino lero ikhoza kukhala pakati pa msewu wa mawa. Kufunsa mapu amenewa n'kwaulere poyerekeza ndi kugwetsa nyumba.

Womanga popanda chilolezo akhoza kulandira kalata yoimitsa ntchito, kulipitsidwa chindapusa kapena kulamulidwa kugwetsa zomwe wamanga ndi ndalama zake. Kutalika kwa dera kumapangitsa ena kuganiza kuti a khonsolo sadzafika. Amafika tsiku lomwe mwini sitolo akufuna laisensi ya bizinesi, magetsi kapena ngongole, ndipo pa nthawiyo khoma limakhala litaima kale pamalo olakwika.

Mapulani abwino si ongosangalatsa a khonsolo. Mu Disembala 2009 zivomezi zidagwetsa nyumba zambiri ku Karonga. Dera lonse la m'mbali mwa nyanja lili m'chigwa momwe zivomezi zimachitika. Maziko olimba, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa khoma ndi denga lomangiriridwa bwino zimateteza katundu ndi miyoyo. Womanga afunsenso za zipangizo, chifukwa malamulo a 2018 adaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda, ndipo amalimbikitsa mabuloko a simenti ndi njerwa zina zosaononga mitengo.

Mabizinesi ena amafuna zilolezo zoonjezera. Malo omwetsera mafuta amafuna chilolezo cha MERA ndi kuunika kwa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Kukumba mjigo kumadzera ku National Water Resources Authority. Kugulitsa mowa kuli ndi laisensi yakeyake ku khonsolo. Nyumba ikatha, laisensi ya bizinesi ndi yomwe imatsegula chitseko, ndipo imakonzedwanso chaka chilichonse.

Mtengo weniweni wa malo otchipa

Malo a kutali amatchipa chifukwa cha kutalikako, ndipo wogula amalipira kutalika komweko m'njira zina. Kuchokera pa boma la Chitipa kukafika ku Karonga ndi pafupifupi makilomita 100, ndipo kuchokera ku Karonga kukafika ku Mzuzu ndi oposa 200. Wa ku Misuku kapena ku Nthalire amayamba wayenda msewu wina wautali asanafike pa tala. Ulendo uliwonse wokatsatira fayilo ndi thiransipoti, chakudya, malo ogona komanso masiku omwe benchi la kumsika lili lotseka.

Saveya amalipiritsa ulendo wake kuwonjezera pa ntchito. Simenti, malata ndi zitsulo zimakwera mtengo pa kilomita iliyonse yomwe lole yayenda pa msewu wafumbi. M'madera ambiri a kumpoto mvula imapitirira mpaka Epulo kapena Meyi, ndipo misewu ina ya m'mapiri siyidutsika nthawi imeneyo. Madzi omangira akakhala kutali, amagulidwa pa ndowa. Magetsi nawo asawerengeredwe chifukwa cha lonjezo lakuti akubwera. Wofuna chigayo kapena firiji ayeze yekha mtunda wochokera pa thiransifoma yomwe ilipo kale, n'kukafunsa ku Escom mtengo wokokera nthambo.

Wamalonda alembe zonsezi papepala limodzi: mtengo wa malo, zolipira kuboma, saveya, wojambula mapulani, chilolezo, maulendo, zipangizo, amisiri ndi mlonda. Akatero ayerekeze ndi lendi yomwe akulipira pa chaka. Ngati nkhokweyo idzagwira ntchito miyezi itatu yokha ya nyengo yopikula, mwina lendi ndi yotchipa kuposa kumanga. Ndipo ngati kugula malo kukutanthauza kuti nyengo ikubwerayi sadzakhala ndi ndalama yopikulira katundu, ndiye kuti nthawi yake siyidakwane. Nkhokwe yopanda matumba siyibweza ngongole.

Mkangano ukabuka

Wina akabwera kudzatsutsa, ntchito yomanga iyambe yaima. Kupitiriza kumangoonjezera ndalama zomwe zingatayike. Lamulo la 2016 lidakhazikitsa mabwalo oweruza nkhani za malo a makolo kuyambira kwa T/A, kupita pa boma, mpaka ku bwalo lalikulu la dziko lonse. Komwe mabwalowa sadayambe kugwira ntchito, nkhani imayenda kuchokera kwa nyakwawa, gulupu, T/A mpaka kwa bwanamkubwa, ndipo ikakanika imapita kukhothi. Khothi lalikulu la chigawo cha kumpoto lili ku Mzuzu, komwenso kuli ofesi ya Legal Aid Bureau yothandiza osakwanitsa kulipira loya.

Pa bwalo lililonse mwa amenewa, wopambana amakhala yemwe ali ndi mapepala, malisiti ndi mboni. Makope a zonse asungidwe malo awiri osiyana, ndipo zithunzi zake zikhale mufoni.

Kwa yemwe akuganiza zogula malo nyengo ino, njira yosaika mpamba pachiswe ndi kuchita lendi kaye kwa chaka chimodzi m'dera lomwe akulifunalo. M'chakacho adzaona komwe madzi amadutsa mvula ikagwa, adzadziwa mabanja omwe ali pa mkangano, adzadziwana ndi amfumu ndi a ku khonsolo, ndipo adzaona ngati malonda a pamalopo akukwanira kubweza ndalama ya simenti. Malo abwino akapezeka pambuyo pake, adzawagula ngati munthu wodziwika m'mudzimo, pa mtengo womwe eni dera amagulitsana okhaokha.